Tiyatsireni matawa athu: kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira magetsi a m'misewu ya Harare

Olemekezeka akuluakulu,

Ndakupatsani moni nonse amene munapatsidwa udindo wosamalira misewu ya mzinda uno ndi magetsi ake. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine bambo wachikulire wa ku Mufakose. Ndinabadwira konkuno, kwa makolo amene anachokera ku Dedza pa malole a Ulere kudzafuna ntchito, ndipo ndagwira ntchito ya zamagetsi m'mafakitale a ku Southerton ndi ku Workington zaka zoposa 30 ndisanapume. Ndalemba m'Chichewa, chiyankhulo chimene ndinayamwira, chifukwa malamulo aakulu a dziko lino a 2013, m'gawo 6, anachiika pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandapo Chichewa ndicho chatsogola. M'maofesi mwanumo muli ana ndi zidzukulu za anthu athu, sadzalephera kukuwerengerani. Ndalemba poyera kuti anzanga a ku Mbare, Rugare, Dzivarasekwa, Highfield, Mabvuku ndi Tafara nawonso amve, pakuti zimene ndikunenazi akukumana nazo usiku ndi usiku.

Nkhani yanga ndi ya mdima. Pafupi ndi nyumba yanga pali chitsulo chachitali cha magetsi, chimodzi mwa zija timazitchula kuti ma tower light, kapena kungoti tawa. Chino ndi chaka chachitatu tawayo chizimireni.

Ndimakumbukira mmene inkayakira tili anyamata. Dzuwa likangolowa, mababu ake ankayamba ndi kuwala kofiirira ngati khala la moto limene wina akuliuzira, kenako patapita mphindi zingapo n'kusanduka chikasu, dera lonse mbee. Ife ana tinkathamangira pansi pake ndi mpira wachikulunga. Amayi ankayala matimati ndi mtedza wokazinga pamasaka, madala ali pabawo mpaka cha m'ma 9 koloko. Mkulu wanga anakonzekera mayeso ake atakhala pamwala pansi pa tawa imeneyo, chifukwa m'nyumba yathu ya zipinda zinayi tinalimo anthu 11 ndipo malo otsegulira buku panalibe. Sindikunena kuti amene anazika matawa m'malokeshoni nthawi ya atsamunda anachita zimenezo potikonda. Bambo anga ankati anawaika kuti azitiona bwino tikamayenda usiku. Kumayadi anandandalika mapolo aafupi mumsewu uliwonse, kwathu kuno n'kutiponyera chitsulo chimodzi kuti chiunikire nyumba mazanamazana. Apo ndi pamene pagona vuto lathu lero. Kumayadi babu limodzi likapsa, kumada pageti la nyumba imodzi. Kwathu tawa imodzi ikazima, misewu khumi imada nthawi imodzi.

Dandaulo langa loyamba ndi la anthu a m'bandakucha. Mzinda uno umadyetsedwa ndi anthu amene amadzuka tambala asanalire. Mwana wanga wamkazi amagulitsa ndiwo zamasamba, ndipo kuti apeze repu, matimati ndi anyezi wabwino ku Mbare Musika ayenera kufika alimi akungotsitsa katundu. Amanyamuka pakhomo 4 koloko isanakwane. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limatuluka cha m'ma 6:30 n'kulowa cha m'ma 5:30, ndiye amapita mumdima n'kubwereranso mumdima.

Ndimamuperekeza ndine. Ndimavala jasi, kumanja chibonga, kumanzere tochi ya pafoni imene ndimaiphimba ndi zala kuti isaonekere patali, poti kuwala kwa foni ndiko kumaitana mbava. Ndalama za mpamba amazimanga pakansalu n'kuzibisa mkati mwa zovala, m'chikwama n'kusiyamo madola awiri kuti akamugwira apeze chowapatsa, angamubaye chifukwa chokhumudwa. Taganizani zimenezo, akuluakulu: mayi kukonzeratu ndalama ya wakuba monga mmene amakonzera ya kombi. Kuchokera pakhomo kukafika pokwerera ndi ulendo wa mphindi 12, ndipo pakati pake pali malo opanda nyumba pamene anthu amalima chimanga. Tikafika pamenepo timaleka kuyankhula, timangotchera khutu. Tsamba likagwedezeka mtima umangoti myuu. Kombi ikanyamuka ndimabwerera ndekha njira yomweyo, ndipo mkazi wanga sagona mpaka atamva geti likutseguka.

Mayi wina woyandikana nafe alibe womuperekeza, amuna ake anatisiya. Katundu wake anapsa pa moto umene unatentha msika wa Mbare mu Okutobala 2024, ndipo anali atangoyambiranso geni yake ndi ndalama yobwereka kuchipereganyu. M'mwezi wa Marichi, chimanga chitatalika, anyamata awiri anamutulukira pamalo omwe aja. Anamulanda foni ndi mpamba wonse, n'kumutema dzanja ndi chikwanje pamene ankatchinga kumaso. Anakuwa, tinamva, tinatuluka, koma tinkangothamangira mawu osaona kumene tikupita. Atakanena nkhaniyi anafunsidwa ngati angawazindikire anyamatawo. Angamuzindikire bwanji munthu amene nkhope yake sanaione? Lero zala zake ziwiri sizipinda, dengu sangalikweze pamutu, ndipo mwana wake wamkulu wasiya sukulu kuti azimugulitsira.

Ndamva ena akunena kuti mankhwala ake ndi kutchetcha chimanga cha anthu. Chonde musatero. Chimanga chimenecho ndicho nsima ya mabanja amene alibe wolandira malipiro. Kale chinkalimidwa pamalo omwewo, tawa ikuyaka, ndipo tinkadutsa tikuimba mluzu.

Ndatchula ogulitsa masamba chifukwa ndi amene ndili nawo pakhomo, koma njira yomweyo amadutsa alonda oweruka ku ntchito, anamwino a usiku, ogwira ntchito m'nyumba za kumayadi amene ayenera kufika abwana asanadzuke, ndi ana a sukulu zakutali amene amatsika kombi kutada kale.

Dandaulo lachiwiri ndi la madzi. M'madera ambiri a kumadzulo ndi kum'mwera kwa mzinda madzi a m'mipope amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera kawirikawiri ndi usiku. Chichitikireni kolera ya 2008, ndi ija ya 2018 imene inavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, anthu timadalira mijigo. Mzere wa zigubu pamjigo umayamba kunja kusanache n'kumapitirira mpaka usiku, ndipo amene amatumidwa kumeneko ndi amayi ndi atsikana. Pamjigo wathu palibe ngakhale babu limodzi. Atsikana ena amabwerako akulira, ukawafunsa sayankha, mawa lake amakana kupitanso ngakhale uwakalipire. Ife makolo tikudziwa chimene chimatseka pakamwa pa mtsikana motero. Gawo 52 la malamulo aakulu limalonjeza munthu aliyense ufulu wotetezedwa ku nkhanza za mtundu uliwonse. Pamjigo lonjezo limenelo likanayamba ndi nyale imodzi ya sola.

Lachitatu ndi la matenda ndi maliro, zinthu zimene sizidikira kuti kuche. Mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku, a galimoto ambiri amakana kulowa m'misewu yathu, amati tikumane kumashopu. Ndiye amayi anzake amamugwira uku ndi uku n'kumayenda naye pang'onopang'ono, wina patsogolo akufufuza njira ndi phazi, chifukwa zivundikiro zachitsulo za maenje a suweji zinabedwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha. Masana dzenje lotere umalilambalala. Usiku mdala wina wa m'bungwe lathu la maliro anagweramo akuchokera kusiwa, n'kuthyoka mwendo pantchafu, ndipo mpaka lero akuyendera ndodo.

Mabungwe a maliro amenewa anayambitsidwa ndi makolo athu poopa kuikidwa m'manda ngati alendo opanda abale. Kwathu maliro timagona pomwepo, amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, nyimbo mpaka kucha. Tsopano ikamakwana 5 koloko madzulo anthu amayamba kutsanzika mmodzimmodzi, mwamanyazi, poopa njira ndiponso poopa kusiya nyumba zawo zopanda munthu. Anamfedwa amatsala ndi anthu owerengeka usiku umene akufuna anzawo kwambiri. Mwambo umene makolo anausenza ulendo wonse wochokera ku Nyasaland ukufooka m'manja mwathu. Za anthu ogundidwa ndi magalimoto poyesa kuwoloka High Glen Road kapena Simon Mazorodze mumdima sindichulutsa mawu, madalaivala ndi anamwino angakuuzeni.

Lachinayi ndilo landilemera kwambiri, ndipo ndikupemphani mundilole ndikhalitsepo. Mdima ukusintha mitima ya anthu. Munthu wamantha amafulumira kumenya, ndipo ife tonse tasanduka anthu amantha.

Usiku wina wa mu Ogasiti tinamva mfuu ya anzathu a Chishona, "Mbavha! Mbavha!" Nyumba ina inali itathyoledwa kumunsi kwa msewu. Abambo tinatuluka, wina ndi chibonga, wina ndi fosholo, wina ndi njerwa. Panali munthu wothamanga, ndipo anyamata anamugwetsa pafupi ndi ngalande. Pamene ndinkafika anali atamuzungulira kale, ndinkangomva kulira kwa ndodo ndi mawu ofooka akuti "ndine, ndine". Ndinayatsa tochi n'kumuunika kumaso. Anali mwana wa mnzathu wa nyumba yachinayi kuchokera pa yanga, mnyamata amene amagwira ntchito yophika buledi usiku ndipo tsiku limenelo anaweruka msanga. Ankathamanga chifukwa nayenso ankaopa mdima womwewo. Anaguluka mano atatu ndipo khutu lake lakumanzere silimvanso. Ena mwa amene anamumenya amapemphera mpingo umodzi ndi amayi ake, ndipo mpaka lero sayang'anana m'maso. Inenso ndinatuluka ndi chibonga usiku umenewo, nditakwiya ngati anzanga, ndipo tochi ikanachedwa kuyaka ndikanamumenya nawo mwana amene ndinamunyamulapo ali wakhanda. Wakuba weniweni sanapezeke.

Pali chinanso chimene anthu a mtundu wathu timachimva pathupi. Pamene palibe amene waona nkhope ya wolakwa, mlandu umagwera amene anthu ankawakayikira kale, ndipo mu mzinda uno kawirikawiri amenewo ndi ife. Munthu akavulazidwa usiku, m'mawa mwake mukombi mumamveka kuti ndi "zvigure", kunena anthu a Gule Wamkulu, ngakhale palibe amene waona chigoba kapena nthenga. Gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a padziko, koma kuno dzina lake limaopsezera ana. Sindikukana kuti pangakhale mnyamata wosalongosoka amene angabisale kumbuyo kwa mwambo kuti achite zoipa, ameneyo agwidwe n'kuweruzidwa ngati wina aliyense. Chimene ndikukana ndi chakuti mtundu wonse uzisenza milandu ya anthu osadziwika chifukwa choti pamsewu panalibe kuwala koonetsa amene walakwa.

Ambiri a ife tinayenda zaka zambiri ndi zitupa zolembedwa kuti ALIEN, ngakhale mchombo wathu unagwera konkuno. Lamulo la unzika la 2001 linachotsa ambiri pamndandanda wa ovota, mpaka gawo 43 la malamulo a 2013 linavomereza kuti wobadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC, amene akukhala kuno, ndi mzika. Zaka zimenezo zinatiphunzitsa kukhala chete, ndipo mwina n'chifukwa chake madandaulo athu simuwamva kawirikawiri. Komatu makolo athu anasesa misewu imeneyi, anakumba ngalande zake, anagwira ntchito pa njanji, anaphika m'makhitchini a kumayadi, ndipo ena mwa iwo anali pakati pa amene anamanga damu la Kariba kuyambira 1955 mpaka 1959, kumene gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera. Tikamapempha kuwala sitikupempha ngati alendo.

Pansi pa tawa pamene tinkasewera mpira, lero ndi pamene anyamata amasonkhana kusuta mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro. Amagwiritsa ntchito timachubu tagalasi ta mababu akutha aja osunga magetsi. Ndi ana athu omwe, ena anamaliza sukulu bwinobwino koma ntchito palibe. Sindikunena kuti kuyatsa tawa kuwapatsa ntchito kapena kuwachotsera chilakolako cha mankhwalawo, koma malo amene mayi aliyense wodutsa angamuone mwana wake n'kumuitana ndi dzina sakhala malo osutira.

Tsopano ndiyankhe zimene timauzidwa tikadandaula.

Timauzidwa kuti magetsi ndi ochepa m'dziko. N'zoona, ndipo sitinaiwale 2019 pamene ankazima mpaka maola 18 patsiku, ngakhale Novembala 2022 pamene madzi a ku Kariba anachepa kwambiri moti kupanga magetsi kumbali ya Zimbabwe kunatsala pang'ono kuimiratu. Tikudziwanso kuti mu 2023 ku Hwange anawonjezera makina awiri, a nambala 7 ndi 8, opereka mamegawati 600. Koma taonani. Magetsi akabwera m'nyumba cha m'ma 10 koloko usiku, mafiriji n'kuyamba kulira, amayi n'kudzuka kuti asite zovala, tawa imangokhala bii. Ndiye kuti nthenda ili pa tawa pomwepo. Pamene zili choncho, m'misewu ina ndaona ndi maso anga magetsi akuyaka dzuwa lili paliwombo, akuwononga mphamvu yomwe akuti ndi yosowayo.

Mundilole ndiyankhule ngati munthu wa ntchitoyi. Tawa si chinthu chovuta. Pansi pali bokosi, m'bokosimo muli mafyuzi, swichi yaikulu yolumikiza magetsi yotchedwa contactor, ndi kachipangizo kamene kamamva kuwala kwa dzuwa n'kuyatsa kapena kuzimitsa magetsi, kamene amisiri timati daylight switch. Kameneka kakafa, magetsi amayaka usana ndi usiku kapena sayakanso n'komwe. Pamwamba pali mkombero wonyamula mababu, umene pa matawa ambiri umatsitsidwa pansi ndi winchi kuti munthu asakwere. Mababu akale aja a sodium amafuna zipangizo zowathandiza kuyaka zotchedwa ballast ndi ignitor, ndipo akakalamba amayamba kuphethira, kuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, kuchenjeza kuti atsala pang'ono kufa. Tawa yathu inaphethira miyezi iwiri, tinakanena, palibe amene anabwera. Nditasuzumira m'bokosi lake, limene chitseko chake chinabedwa kalekale, ndinaona contactor yopsa ndi nthambo yodulidwa yosakwana mamita awiri. Amisiri awiri okhala ndi zipangizo angamalize ntchito imeneyo dzuwa lisanapendeke. Sindinagwire kanthu chifukwa lamulo silindilola, ndipo n'koyenera kuti lisalole aliyense kumangopisa dzanja m'magetsi a mzinda.

Ndinapita ku ofesi ina, anandiuza kuti nthambo ndi za ena. Ndinapita kwa enawo, anati chitsulo ndi mababu si zawo. Ndinabwerera koyamba kuja, anandilemba dzina m'buku lachikuto chakuda n'kundiuza kuti ndidikire. Maulendo asanu, ndalama ya kombi yochokera m'penshoni yanga. Makolo anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ife tavumbwa pakati pa maofesi awiri.

Timauzidwanso kuti anthu ndinu nomwe mumaba. Kuba kulipo, sindingabise. Amadula nthambo za kopa, amakhetsa mafuta a m'mathiransifoma, amazula mabatire a magetsi a sola, ndipo ena mwa ochita zimenezi amakhala pakati pathu. Lamulo linakhwimitsidwa kale, wopezeka wolakwa pa kuwononga zipangizo zamagetsi amayembekezera zaka 10 m'ndende. Koma mnyamata wodula nthambo sadya kopa. Amakagulitsa, ndipo wogulayo ali ndi sikelo, ali ndi geti, ali ndi malo odziwika. Komanso chinthu chikafa n'kusiyidwa chaka chathunthu, wakuba amaona ngati chilibe mwini. Pamene tawa yathu inkayaka palibe amene analimba mtima kukhudza bokosi lake, chifukwa akanaoneka ndi misewu yonse. Chitseko chinabedwa itazima kale.

Chomaliza timauzidwa kuti ndalama palibe. Mu Ogasiti 2024 dziko lino linalandira msonkhano wa atsogoleri a mayiko a SADC ku nyumba ya malamulo yatsopano ku Mount Hampden. Tonse tinaona misewu yopita kumeneko ikukonzedwa, mapolo atsopano akuzikidwa, magetsi akuyaka, zonsezo m'miyezi yochepa. Sitinachite nsanje, mlendo timamuyalira mphasa yabwino, ndi mwambo wathu. Koma tinaphunzirapo kuti mzinda uno ukafuna chinthu umachita. Alendowo anakhala masiku owerengeka n'kubwerera kwawo. Mwana wanga amadutsa mumdima masiku 6 pa sabata chaka chonse, ndipo bilu ya nyumba imafika mwezi ndi mwezi osaphonya.

Ngati pali wina pakati panu amene akukayika kuti kuwala kumachepetsadi umbanda, afunse za kafukufuku amene anachitika mu mzinda wa New York mu 2016. Kumeneko anaika magetsi ataliatali, ofanana ndi matawa athuwa, pa madera ena a nyumba za boma za anthu opeza zochepa, madera ena ofanana nawo n'kuwasiya mmene analili. Kumene anaika magetsi, milandu ikuluikulu yochitika panja usiku inatsika ndi pafupifupi 36 pa 100 iliyonse. Ife sitinadikire akatswiri, tinaona pamsewu wathu kusiyana kwa zaka zimene tawa inkayaka ndi zaka zitatu zapitazi.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Muwerenge matawa ndi mapolo onse a magetsi, wadi ndi wadi, ndipo mndandanda wake muumate pamaofesi a m'madera, pazipatala ndi pamisika. Ulembedwe momveka: tawa iti ikuyaka, iti yafa, yafa ndi chiyani, ndipo idzakonzedwa liti.

2. Pokonza muyambe ndi malo amene anthu amadutsa mumdima mosachitira mwina: pokwerera makombi, pamijigo, njira zopita kuchipatala, pamisika, ndi pamilatho ya oyenda pansi ya pa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Misewu ya apaulendo a pagalimoto ili ndi nyale za magalimoto awo, ingadikire.

3. Pakhale khomo limodzi lolandira madandaulo a magetsi a mumsewu, lokhala ndi nambala ya foni ndi ya WhatsApp imene imayankhidwa. Wodandaula apatsidwe nambala ya dandaulo lake, ndipo pasanathe masiku 14 auzidwe chimene chachitika. Ngati nthambo ndi za ena ndipo mababu ndi a ena, mukambirane nokhanokha, musatume nkhalamba kuzungulira tauni.

4. Mababu a sodium alowedwe m'malo ndi a LED, amene amadya magetsi ochepa, amayaka nthawi yomweyo ndipo amakhalitsa. Pamijigo ndi pokwerera makombi muike a sola, batire yake ili pamwamba pafupi ndi nyale osati m'bokosi lapansi, kuti aziyaka ngakhale magetsi atazima. Pamene nthambo za kopa zabedwa mubwezeretse za aluminiyamu, zimene akuba sazithamangira kwambiri, ndipo mabokosi muwatseke ndi zitseko zowotcherera bwino.

5. Mugwirizane ndi apolisi kuyendera ogula zitsulo zakutha, aliyense aonetse kumene anatenga kopa ndi zivundikiro zimene ali nazo. Maenje a suweji amene ali pululu muwavundikire ndi zivundikiro za simenti, zimene palibe angakazigulitse.

6. Mutiuze poyera, chaka ndi chaka, ndalama zimene zaikidwa pa magetsi a mumsewu, amene apatsidwa ntchitoyo, ndi matawa angati amene akonzedwa nazo. Ndalamazo ndi zathu, ndipo munthu amene akuona kumene ndalama yake yapita savuta kulipira.

7. M'malokeshoni muno muli amisiri opuma pantchito ngati ine, ndi achinyamata amene anaphunzira zamagetsi koma akungokhala. Tilembeni, mutipatse chilolezo ndi woyang'anira, kuti tawa iliyonse ikhale ndi anthu awiri kapena atatu oiyang'anira, onena msanga ikayamba kuphethira, ndi othandiza amisiri anu akabwera. Ambiri a ife tili okonzeka kuyamba popanda malipiro.

8. Pamene tikudikira zonsezi, mupemphe apolisi m'malo mwathu kuti aziyendera njira zopita kokwerera makombi kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko m'mawa, mogwirizana ndi magulu achitetezo a m'madera, kuti abambo asamatuluke okha ndi zibonga.

Ndili ndi pempho linanso limene silifuna bajeti. Mmodzi wa inu abwere ku Mufakose tsiku lililonse la pakati pa sabata, 4 koloko ya m'mawa isanakwane. Galimoto aisiye kumashopu, azimitse nyale zake, ndipo ayende nafe mphindi 12 zija, kudutsa pachimanga, mpaka mwana wanga atakwera kombi. Kukazizira ndimubwereka jasi. Pobwerera ndidzamuonetsa dzenje limene anagweramo mdala uja, mjigo wopanda babu, ndi bokosi la tawa, kuti aone yekha contactor yopsayo ndi nthambo ya mamita awiri imene ikusowa. Akafunsa pamashopu za mdala wa zamagetsi amene amadandaula za tawa, ana amulozera pakhomo panga.

Ine wanu mwaulemu,

Bambo wa ku Mufakose, mmisiri wa zamagetsi wopuma pantchito